Wogula nyumba alipire za masiku ake okha, ndipo alipire atakolola

Alimi anzanga, sabata ino ndisiya kaye za mbewu, za mbozi ndi za manyowa. Ndikufuna tikambirane za kalata imene inafika m'manja mwa mayi ena amene ndakhala ndikuwalangiza pa ulimi wa nandolo ndi mpendadzuwa kuno ku Phalombe. Mayiwa anasunga ndalama zaka zinayi, kumanitsa mimba ndi kuvala chitenje chomwecho, mpaka mwezi wa Okutobala anagula kanyumba ka malata pa msika wina wa m'boma lino. Cholinga chawo chinali choti kutsogolo aikeko kagolosale, kumbuyo azisungirako zokolola. Ndalama anapereka, mboni zinasaina, makiyi analandira.

M'mwezi wa Febuluwale, chimanga chili pa ngaiyaye, ufa utatha m'nyumba, kunabwera kalata yowauza kuti puloti imene pali nyumbayo ili ndi ngongole ya lendi ya malo ya zaka zingapo. Mwini wakale anali atapita kale ku Joni ndipo foni yake sinkagwiranso. Mayiwa anali atakhala m'nyumbamo miyezi inayi yokha, koma kalatayo inkafuna ndalama za zaka zimene iwo sankadziwa n'komwe kuti khomo la nyumbayo layang'ana kuti. Anandifunsa kuti, "Alangizi, kodi ndinagula nyumba kapena ndinagula mlandu?"

Funso limeneli ndilo landichititsa kulemba. Maganizo anga ndi awa: msonkho uliwonse wa pa nyumba kapena puloti uziwerengedwa malinga ndi masiku amene munthu wakhala mwini wake, ndipo m'boma la alimi ngati lathu uzilipidwa nthawi imene mlimi ali ndi ndalama m'thumba. Kuchuluka kwa msonkho ndi nkhani ina. Lero ndikukamba za nthawi, chifukwa msonkho wochepa ukabwera mwezi woipa umapweteka kuposa msonkho waukulu wobwera mwezi wabwino.

Poyamba tidziwe zimene munthu amalipira akakhala ndi nyumba yamapepala. Malo amene ali pa lizi amalipiridwa lendi chaka ndi chaka ku boma kudzera ku Unduna wa Zamalo. M'mizinda monga Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu mulinso msonkho wa nyumba umene makhonsolo amatolera potsata lamulo la maboma aang'ono la 1998, ndipo amene amawerenga nyuzipepala anaonapo mndandanda wa nyumba zimene khonsolo ikuopseza kuzigulitsa kamba ka ngongole. Posintha dzina la mwini pamafunikanso kalata ya ku MRA ndi stamp duty. Zina mwa izi zimaoneka ngati za anthu a m'tauni, komatu Phalombe sali monga analili mu 1998 pamene anapatukana ndi Mulanje n'kukhala boma paokha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 429,000 m'boma lino. Migowi wakula, Chiringa wakula, pa Boma pakumangidwa nyumba tsiku ndi tsiku. Kumene nyumba zikuchuluka, wotolera msonkho safika mochedwa. Ndi bwino tikonze mfundo zake asanagogode pakhomo la aliyense.

Tsono tiyeni tichite masamu osavuta. Chiwerengero ichi ndangoyerekeza kuti nkhani imveke. Tinene kuti puloti imalipiridwa K120,000 pachaka, ndipo chaka chake chimayamba pa 1 Epulo monga chimayambira chaka cha chuma cha boma kuyambira mu 2022. Inu mwagula nyumba pa 1 Okutobala. Ndiye kuti wogulitsa wakhala mwini miyezi isanu ndi umodzi ya chakacho, inunso mukhala mwini miyezi isanu ndi umodzi. Gawo lake ndi K60,000, lanu ndi K60,000. Koma ngati iye sanalipire zaka zitatu zam'mbuyo, pali K360,000 ina. Kalata ikabwera kwa inu idzati K480,000, osawerengera chiwongoladzanja. Zanu zenizeni ndi K60,000 yokha. Mukufunsidwa kulipira kasanu ndi katatu kuposa gawo lanu, chifukwa chongoti inu ndi amene mwapezeka pakhomo tsiku limene kalata inafika.

Chilungamo chimenechi chili ndi mbali ziwiri, ndipo ndisabise. Ngati wogulitsa analipiratu chaka chonse mu Epulo, inu mukalowa mu Okutobala muyenera kumubwezera K60,000 yake. Mlimi amene akufuna sikelo yolungama pogulitsa nandolo ayenera kuvomereza sikelo yomweyo iye akamagula. Sitikupempha kuti wogula akomeredwe. Tikupempha kuti aliyense asenze mtolo wa masiku ake.

Izi si zachilendo m'maiko ena. Ku England msonkho wa khonsolo, umene unayamba mu 1993, umawerengedwa tsiku ndi tsiku. Ukatuluka m'nyumba lero, mawa wayamba kuwerengeredwa ndi amene walowamo, ndipo anthu ambiri amalipira pang'onopang'ono m'magawo khumi pachaka. Pafupi ndi ife, ku South Africa kumene ana athu ambiri akugwira ntchito, lamulo limati nyumba isasinthe dzina mpaka khonsolo itapereka kalata yotsimikiza kuti ngongole za zaka ziwiri zapitazo zalipidwa. Komabe makhonsolo ena, monga a Tshwane ndi Ekurhuleni, ankakakamiza eni atsopano kulipira ngongole zakale kwambiri za eni akale, mpaka kuwakaniza madzi ndi magetsi. Pa 29 Ogasiti 2017 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula, pa mlandu wodziwika ndi dzina la Jordaan, kuti nyumba ikasintha dzina, mwini watsopano sangalipitsidwe ngongole ya mwini wakale. Khonsolo imene ikufuna ndalama zake izifune nyumba isanachoke m'manja mwa wangongoleyo, kapena imutsate iye mwini. Ngati anzathu anatha kuona kuti kumeneko n'kulanda munthu chuma chake popanda chifukwa, ifenso tikhoza kuona.

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi mwezi wolipirira, ndipo apa ndi pamene ndikulankhula monga munthu amene anaphunzira za ulimi. Ndalama za mlimi wa ku Phalombe sizibwera pa 27 mwezi uliwonse ngati za mphunzitsi kapena namwino. Zimabwera ngati mvula, nyengo yake ikakwana. Chimanga timakolola mu Epulo ndi Meyi. Mpendadzuwa ndi mpunga wa m'madambo a ku nyanja ya Chilwa zimatsatira. Amene amalima fodya amadikira msika wa ku Limbe umene umatsegulidwa cha mu Epulo. Nandolo, amene kwa mabanja ambiri ndiye banki yawo, amauma kuyambira cha mu Julayi mpaka Seputembala kapena Okutobala. N'chifukwa chake nyumba, njinga zamoto ndi malata zimagulidwa kwambiri m'miyezi imeneyi. Kuchokera Novembala ndalama zimangotuluka: mbewu, feteleza, aganyu opalira, fizi ya ana. Pofika Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zambiri zili pululu ndipo chimanga pa msika chili pa mtengo wake wokwera kwambiri m'chaka.

Kalata yofuna ndalama ikafika m'miyezi imeneyi, mlimi azitenga kuti? Njira zake ndi zinayi, ndipo zonse n'zoluza. Akhoza kugulitsa thumba la feteleza wobereketsa. Akhoza kusiya munda wake n'kukagwira ganyu m'munda wa wina. Akhoza kugulitsa mbuzi pa mtengo wolira, poti aliyense akugulitsa nthawi yomweyo. Kapena akhoza kupita kwa wakatapira. Malangizo amene takhala tikupereka pa chimanga cha haibulidi ndi matumba awiri a feteleza wokulitsa ndi atatu a urea pa hekitala, ndipo urea athiridwe patatha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera. Tchire nalo liyenera kuchotsedwa m'masabata asanu ndi limodzi oyamba. Ntchito zimenezi sizidikira. Ukaphonya sabata yake, sungaibweze mu Malichi. Mayi ndawatchula aja anagulitsa matumba awiri a chimanga amene anasungira chakudya ndi mbuzi ziwiri kuti alipireko mbali ina, ndipo kuti apeze chakudya anachotsa ana awo aakulu m'munda wa nandolo kukagwira ganyu. Msonkho umenewo anaulipira kawiri: koyamba ndi ndalama, kachiwiri ndi zokolola za chaka chotsatira.

Ngakhale mwezi wa Epulo, umene chaka cha boma chimayamba, suli bwino monga ena amaganizira. Inde, chimanga chimakhala chacha, koma chimakhala chisanaume, ndipo mavenda amakhala ali kale m'midzi ndi masikelo awo. Mlimi wokakamizidwa kupeza ndalama mu Epulo amagulitsa chimanga chachinyezi pa mtengo wotsikitsitsa, n'kudzachigulanso mu Febuluwale pa mtengo wokwera. Boma lomwelo limene limatiuza pa wailesi kuti tisagulitse zokolola mothamanga lisakhale ndi kalendala imene ikutikakamiza kuthamanga.

Agogo athu a kuno akadakhala moyo akadatiuza kuti nkhani ya msonkho wa nyumba ndi nthawi yake anaiona kale. M'zaka za 1890, nthawi ya Harry Johnston, boma la atsamunda linakhazikitsa msonkho wa mashiling'i atatu pa nyumba iliyonse. Kumayambiriro kwa zaka za 1900 anaukonza kuti amene sanagwire ntchito mwezi umodzi kwa mzungu azilipira kawiri kuposa amene wagwira. Alomwe ambiri amene anawoloka kuchokera ku Mozambique n'kukhazikika m'madera a Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu anapezeka m'minda ya azungu, akugwira thangata m'malo mwa lendi ndi msonkho. Chowawa kwambiri chinali chakuti eni minda ankafuna antchito nthawi ya dzinja, nthawi yomwe munthu anayenera kupalira munda wake. Olephera kulipira ankawotcheredwa nyumba. Thangata anali m'gulu la madandaulo amene anadzetsa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915. Sindikunena kuti lendi ya malo ya lero ndi thangata, ayi. Lero tikulipira boma lathu lomwe, limene timalisankha tokha. Koma phunziro lake lilipobe: msonkho umene umachotsa mlimi m'munda mvula ili mkati umabala njala ndi mkwiyo.

Ndikudziwa zimene ena anene, ndipo zina mwa izo zili ndi nzeru. Oyamba adzati: safunsa anadya phula, wogula akadafufuza asanapereke ndalama. N'zoona, ndipo ndibwererako kumapeto. Koma tifunse kuti akadafufuza kuti. Kwa zaka zambiri nkhani za malo a lizi a m'chigawo chino zakhala zikuthera ku Blantyre. Mlimi wa kwa Nazombe kapena kwa Chiwalo akwere kabaza, akwere minibasi, mwina agone konko, kungofuna kudziwa ngati puloti ili ndi ngongole. Malamulo a malo a 2016 anabwera ndi mfundo yoti kaundula wa malo azipezeka m'maboma. Pamene kufunsa kuli kokwera mtengo chotere, sibwino kumuseka amene sanafunse.

Achiwiri adzati: boma ndi khonsolo zimafuna ndalama chaka chonse, misewu ndi zimbudzi za m'misika sizidikira nandolo. Izinso n'zoona, ndipo ine sindili m'gulu la amene amati msonkho ndi kuba. Tikufuna milatho, tikufuna ngalande, tikufuna misika yaukhondo. Koma wotolera wanzeru amapita kumene kuli ndalama, nthawi imene ziliko. Ndalama yotoleredwa mu Ogasiti ndi Seputembala ikhoza kusungidwa n'kugwira ntchito mpaka Malichi. Kalata yotumizidwa mu Febuluwale nthawi zambiri imangobala ngongole ina pa pepala. Ngakhale wakatapira amadziwa kuti ngongole ya mlimi amaitsata pokolola.

Achitatu adzati: ngongole ikapanda kumamatira pa nyumba, anthu azigulitsa n'kuthawa, boma n'kuluza. Yankho lake ndi limene khoti la ku South Africa linapereka. Wotolera ali ndi mpata wotsekera wangongole pakhomo nyumba isanasinthe dzina. Ngati wagona zaka zitatu osatumiza kalata kwa mwini wakale, asadzuke chaka chachinayi n'kugwira mlendo. Paja amati mlandu suola, koma mlandu umatsata mwini wake.

Pali chinanso chimene sitingachilumphe kuno kwathu. Mu Malichi 1991 napolo wa m'phiri la Michesi anakokolola midzi ndi kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso chimodzimodzi, makamaka kwa Nkhulambe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Taonani kuti ngozi ziwirizi zinagwa mwezi umodzi, kumapeto kwa dzinja. Munthu amene anagula nyumba mu Okutobala 2022 n'kuiona itagwa mu Malichi 2023, kodi chiwongoladzanja chizipitirira kuwerengedwa pa chibumi cha njerwa? Msika nawo uli ndi napolo wake. Mu Ogasiti 2017 dziko la India linachepetsa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mitengo kuno inagwa mpaka alimi ena anasiya nandolo akuwonongeka m'munda. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, feteleza n'kukwera pamene alimi anali pafupi kubzala. Ndondomeko ya msonkho imene siona zaka zotere inalembedwa ndi munthu amene sanagwirepo khasu.

Choncho ndikupempha makhansala athu, aphungu a boma lino ndi akuluakulu a zamalo kuti aganizire mfundo zisanu izi. Yoyamba, nyumba kapena puloti ikagulitsidwa, msonkho wa chaka chimenecho ugawidwe potsata tsiku logulitsira, ndipo pa fomu pakhale malo olembapo zimenezi. Yachiwiri, kalata yosonyeza ngongole ya puloti izipezeka pa Boma pompano, tsiku lomwelo, pa mtengo woti mlimi angakwanitse. Yachitatu, ngongole imene sinatchulidwe m'kalata imeneyo isadzafunidwenso kwa wogula. Yachinayi, m'maboma a alimi nthawi yolipira popanda chindapusa ikhale kuyambira Juni mpaka Okutobala, ndipo wofuna kulipira pang'onopang'ono aloledwe kutero pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, n'kulandira uthenga womutsimikizira. Yachisanu, chaka chimene boma lalengeza kuti dera lagwa m'ngozi, chiwongoladzanja chiimitsidwe kwa onse amene nyumba zawo zawonongeka.

Mfundo zimenezi zikhoza kuthandizanso ntchito yolembetsa malo a makolo. Phalombe anali limodzi mwa maboma atatu, pamodzi ndi Kasungu ndi Rumphi, kumene anayesera kulembetsa minda potsata lamulo la 2016. M'misonkhano ya alimi ndamvapo anthu, makamaka amayi amene kuno kwathu kwa chikamwini ndiwo amasunga malo a banja, akunena kuti akuopa satifiketi chifukwa pepala la boma limabwera ndi mchira. Mantha amenewa sachoka ndi chimkuzamawu. Amachoka anthu akaona kuti pepala likuteteza mwini wake, ndipo kuti zolipira, ngati zilipo, n'zodziwika ndiponso zimabwera pa nthawi yake.

Pamene tikudikira akuluakulu, inu alimi anzanga dzitetezeni. Musanapereke ndalama, dziwani kaye mtundu wa malowo. Ngati ndi a makolo, funsani mfumu ndi komiti ya malo ya m'dera lanu, chifukwa malamulo a 2016 amene anasinthidwanso mu 2022 anakhwimitsa kagulitsidwe ka malo otere, ndipo mukhoza kugula chinthu chimene sichiloledwa kugulitsidwa. Ngati ndi a lizi, onani pepala la liziyo ndi maso anu, ndipo funsani malisiti a lendi a zaka zonse. Wogulitsa akati malisiti anatayika, pitani naye limodzi ku ofesi akafunse inu mukumva. Musapereke ndalama zonse tsiku limodzi. Sungani gawo lina mpaka ngongole itatsimikizika, ndipo ngati ilipo, ichotsedwe pa mtengo wa nyumba. M'kalata ya mgwirizano mulembe tsiku, mwezi ndi chaka chimene mwalandira makiyi, ndiponso mawu oti zonse za m'mbuyo mwa tsikulo ndi za wogulitsa. Mboni zikhale za mbali zonse ziwiri. Pomaliza, sinthani dzina msanga. Ambiri amakhala zaka khumi m'nyumba imene pa kaundula ikadali ya munthu wina, poopa ndalama zosinthira dzina, osadziwa kuti kuchedwako ndiko kukukulitsa ngongole.

Ndiwonjezere chimodzi cha ulimi. Mukamagula nyumba ndi ndalama za nandolo, musathire zonse m'nyumbamo. Patulani kaye za mbewu, za feteleza, za aganyu ndi chakudya chofika Malichi. Nyumba yagulidwa ndi munda, ndipo idzasamalidwa ndi munda womwewo. Mukaupha munda chifukwa cha nyumba, chaka chamawa mudzagulitsa nyumbayo pa theka la mtengo.

Mayi aja nyumba akadali nayo. Golosale sanatsegulebe, chifukwa ndalama za katundu zinapita ku ngongole ya munthu amene sakudziwa kumene ali. Nditawachezera posachedwa ndinawapeza akupeta nandolo pakhonde, ndipo anandiuza kuti chaka chino lendi yawo akalipira okha mu Seputembala, kalata isanabwere. Munthu wotere sakuthawa msonkho. Akungofuna kulipira za iye mwini, pa mwezi umene angathe. Ngati malamulo athu sangathe kumupatsa zinthu ziwiri zokhazi, ndiye kuti ofunika kukonzedwa ndi malamulowo.